Chaka Chimene Uladi Anavinidwa

Tulo tikanakhala kuti timagulitsidwa pamsika wa Mangochi, ife amayi a gulu lathu tikanapinyolitsa ndi zitenje zomwe. Musaseke. Ine ndine Maud, ndimasoka zovala pakhonde panga kwa Mponda, ndipo mwana wanga Tiyanjana ndi mtsikana wamkulu ndithu koma mpaka lero ndimamuveka ndine. Anabadwa choncho. Tili ndi gulu lathu, amayi a ana amene mitu yawo inachedwa, ndipo timakumana kamodzi pamwezi pakhonde la chipatala, tsiku limene kumabwera a Jeffrey, dokotala wa za maganizo. Iwo amatipatsa mankhwala ndi malangizo, ife timapatsana zotsalazo: miseche, misozi, ndi nzeru za mmene ungaumitsire bulangete la mkodzo m'nyengo yamvula. Amuna? Ha! Pagulupo palibe mwamuna, kupatula adokotalawo, amenenso amabwera poti ndi ntchito yawo.

Mnzanga weniweni pagulupo ndi Amida, amake Uladi. Iye ndi Msilamu, ine wa Angilikani, koma bulangete lonyowa silifunsa kumene umapemphera. Amida amagulitsa tinsomba touma ta kambuzi pamsika. Mwamuna wake anapita ku Joni Uladi akadali wamng'ono, ndipo tinangomva kuti kumeneko ali ndi wina. Uladiyo anabadwa bwinobwino. Malungo a mu ubongo ndi amene anamugwira ali ndi zaka zitatu, thupi n'kuchira, mutu n'kutsalira pomwepo. Chaka chimene ndikunenachi anali ndi zaka khumi ndi zinayi, wamtali kuposa amake, tindevu titayamba kumera, koma akuyankhula ngati kamwana ka kumkaka.

Kuchedwa kwa mutuko Amida anakuzolowera. Chimene chinkamusautsa ndi chimene ankachitcha kuti mphepo ya Uladi. Imangoyamba, mwina galu wauwa pafupi, mwina wina wasuntha mpando umene anauzolowera, mwina popanda chifukwa chimene ife tingachione. Amatong'ola maso, amayamba kubuula, kenako kudzikhoma zibakera kumutu, ndipo ngati pali khoma pafupi, mutu umapita kukhomako. Mapilitsi a adokotala anachepetsa koma sanathetse. Mankhwala enieni anali Amida mwini wake. Ankamukokera kuchipinda, n'kumugoneka pabedi, mutu pamiyendo pake, n'kumamugwira mwa njira yakeyake mpaka mphepoyo itadutsa. Wina aliyense akayesa ankangokolezera. Ndipo poti mphepoyo sidziwa nthawi, Uladi ankagona m'chipinda cha amake, pamphasa m'mbali mwa bedi, Amida akungowodzera, khutu lili kwa mwana. Zaka zonsezo! Tsiku lina ndinamupeza pamsika atagona chokhala, chipumi chili pa mulu wa kambuzi, wogula atangoima njo kudikira.

Mwezi wa Ogasiti, masukulu atatsekera, ng'oma za jando zinayamba kumveka. Ine za jando ndimangodziwa zimene aliyense wa kuno amadziwa: anyamata amatengedwa kupita kundagala, msasa wawo wa kuthengo, amakhalako masabata angapo, mkazi sapondako, ndipo amatuluka ali amuna. Za m'katimo musandifunse, ndine mkazi. Anzake a msinkhu wa Uladi anavinidwa kalekale. Chaka chimenecho kunkapita tiana tofika m'chiuno mwake, ndipo tina mwa ito tinkamuimba pamsewu kuti wosavinidwa wandevu, mwana wa amayi. Iye ankaseka nawo, poti sankadziwa kuti akunyozedwa. Koma ng'oma ikalira ankaloza kumene ikuchokera n'kumati, "Inenso. Inenso."

Pamsonkhano wa mwezi umenewo Amida anadikira kuti aliyense alandire mapilitsi, kenako anangoiponya nkhaniyo.

"Chaka chino Uladi akupita ku jando."

Mayi Ndaona, amene mwana wawo amagwa khunyu, ndi amene anayamba kuyankhula.

"Amake Uladi, mutu ukuyenda bwinobwino? Mphepo ija ikakamugwira kumeneko, inu mukalowa bwanji?"

"Ndiye afe ali mwana?" anayankha Amida. "Azikhala ndi tiana mpaka imvi? Nayenso ndi munthu."

Mawu amenewo palibe akanawatsutsa, chifukwa ndi omwewo amene tonsefe timauza apongozi ndi aneba tsiku ndi tsiku. Ine ndinachita kuomba m'manja. A Jeffrey sanaletse, komanso sanakankhe. Anati mdulidwe ukachitikire kuchipatala ndipo chilonda chiyambe chapola, mapilitsi asadumphe ngakhale tsiku limodzi, ndipo pakhale munthu wamkulu amene Uladi amamudziwa, wogona naye limodzi. Anatinso zikakavuta, mwana abwerere msanga, pasakhale zochita manyazi.

Munthu wamkulu woteroyo analipo mmodzi yekha: a Jaffalie, achimwene ake a Amida, amene Uladi amawatcha amjomba. Ndi a kabaza ya njinga yamoto, munthu wabwino ndithu, koma mwamuna. Ndiwo anawanyamula Amida ndi Uladi kubwera nawo pakhonde panga kudzayezetsa suti yotulukira. Ine ndili kalikiliki ndi tepi, Uladi atatambasula manja akungoti, "Suti yanga, suti yanga," iwo anali atakhalabe panjinga, akupukusa mutu.

"Iwe Amida, ukungowononga nsalu. Mwana ameneyu akamvako chiyani? Kuwerenga zala zake zomwe kumamukanika, ndiye malamulo a kundagala? Zikalowera khutu ili n'kutulukira linali."

"Zitulukire linalo, achimwene. Bola akhale atapitako."

"Nanu a Jaffalie," ndinalowerera ine, poti pakamwa panga sipadikira kuitanidwa, "mbumba imeneyi ndi yanu. Musachite ngati mwapemphedwa kukasenza ng'ona ku Shire."

Ananditcha mayi wolongolola, koma anavomera kukhala lombwe wake, ndiye kuti womuyang'anira kundagalako. Mdulidwe unachitika, chilonda chinapola, ndipo Uladi anapita atagwira malaya a amjomba ake, osacheuka n'komwe.

Sabata yachiwiri suti inatha, ndipo ndinati ndikamuonetse Amida. Pamsika sindinamupeze, tebulo lake linali lovindikira. Ndinafika kunyumba dzuwa lili paliwombo, chitseko chili chotseka. Odi! Zii. Odi kuno! Zii. Ndinakankha chitseko n'kulowa. Ndinamupeza ali gada pabedi, kukamwa yasa, akuliza mkonono ngati msodzi wochokera kumadzi. Ndinakhala pampando n'kumusiya. Atadzidzimuka, chinthu choyamba dzanja lake linapita pansi, pamene pamakhala mphasa ya Uladi, kenako m'pamene anandiona. Nkhope inali itasalala, maso atayera. Ndinali ndisanamuonepo akuoneka choncho.

"Koma ndiye wakongolatu, mwana wamkazi! Akubwera a ku Joni kapena?"

Sanaseke. Anayang'ana suti ija ili pamiyendo panga, n'kuyamba kulira.

"Amake Tiya, ndinakunamizani pagulu paja."

"Unatinamiza chiyani?"

"Zoti nayenso ndi munthu n'zoona. Koma si zimene zinandidzutsa. Nditamva ng'oma ija, chimene chinabwera m'mutu mwanga n'chakuti, masabata onsewo ndidzagona ndekha m'chipinda muno. Ndinkafuna tulo, amake Tiya. Za ulemu wa mwanazo ndinazipeza pambuyo, kuti ndikhale ndi chonena kwa anthu."

"Ndiye ukulira chimenecho? Iwe!"

"Sindinamalize."

Anandifotokozera. M'mawa uliwonse ankanyamula chakudya kupita nacho panjira ya kundagala, pamene amayi amalekezera, n'kuitana, a Jaffalie n'kubwera kudzalandira. Dzana lake anatuluka nkhope ili yakugwa. Akuti mphepo inamugwira Uladi koopsa, anachita kumupanikiza pansi amuna atatu mpaka atatopa yekha, akungoitana amake. A Jaffalie anati anakanga, mkulu wa ndagalayo, avomera kuti ngati mayi wake afuna, mwanayo atuluke tsiku lomwelo.

"Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati amalize. Ndinati akabwerera panjira adzamuseka moyo wake wonse. Walahi, pakamwa pankanena zimenezo, koma mtima unkati, sabata inanso, Amida, sabata ina yokha. Ndinabwera kuno n'kugona. Mwana wanga akundiitana kuthengo, ine ndinagona bwinobwino mpaka ntchentche kundilowa m'kamwa! Mayi wanji ameneyo?"

Ndinamuuza zimene timauzana pagulu, kuti kutopa si tchimo, kuti ngakhale a Jeffrey amanena kuti mayi wosapuma amagwa, mwana n'kutsala yekha. Ndinamuuza kuti palibe mmodzi mwa ife amene sanalakelakepo tsiku limodzi lopanda mwana wake.

"Kulakalaka n'kwina," anatero. "Ine ndachita."

"Chabwino, ngati zikukudya choncho, kamutenge mawa."

Anangoyang'ana pansi, akusisita kolala ya suti ija. Sanakamutenge. Ndipo amene akufuna kumuweruza ayambe wakhala ndi Uladi sabata imodzi yokha, kenako abwere pakhonde panga tidzakambirane.

Tsiku lotuluka anamwali kunali fumbi lokhalokha. Ng'oma, nthungululu, anyamata ali m'masuti ndi magalasi akuda, achemwali awo akuwafunditsa maambulera. Uladi anali wamtali kuposa onse, suti yanga itamukhala ngati anabadwa nayo, ndikunena ndine ndinasoka. Tonse tinkaopa kuti akangowaona amake athamanga n'kuwakumbatira pakati pa anthu. Ayi ndithu. Anafika chapatali, anagwada, maso pansi, n'kuomba m'manja. Amayi analuluta mpaka mawu kusasa. Dzina sanamusinthe poopa kumusokoneza, anangomuwonjezera ulemu wa akuluakulu, kuti kuyambira tsikulo ndi Che Uladi. Aliyense womuitana choncho, iye mano onse pamtunda.

Amida anavina nawo, koma maso ake anali pa chipumi cha mwanayo, pamene panali nkhanambo yaikulu.

"Taonani chipumicho, amake Tiya," anandinong'oneza.

"Iwe taona sutiyo," ndinatero.

Kunyumba tinadya mpunga wa nyama ya mbuzi. Alendo atayamba kubalalika, Amida anati, "Che Uladi, tiyeni mukavule suti, ingade." Analowa kuchipinda, Uladi akumutsata. Atafika pakhomo la chipindacho anaima.

"Lowani, baba."

"Iyayi."

"Lowani mudzavule."

Uladi anadzutsa chala chimodzi, kenako chachiwiri, kenako chachitatu, akulakatula ngati nyimbo. "Ndine wamkulu. Chipinda cha amayi, ayi. Amayi kusambitsa, ayi. Miyendo ya amayi, ayi."

Anthu otsalawo anafa ndi phwete, koma kuseka kwa chisangalalo. A Jaffalie anachita kudumpha pampando.

"Ha! Wamva! Inu anthu, wamva! Pa anamwali onse aja, amene wagwira mwambo ndi ameneyu!"

Ndipo ankanena zoona. Anzakewo sabata isanathe anali atayambiranso kuzembera m'zipinda za amayi awo kukaba shuga. Koma Uladi si anzake. Chinthu chimavuta kulowa m'mutu mwake, koma chikalowa sichituluka. Amake anamuuza kamodzi ali wamng'ono kuti asamayandikire chitsime, mpaka lero amachilambalala ngati pali njoka. Zimenezi tonse tinkazidziwa, Amida, a Jaffalie, ine ndemwe. Tinatanganidwa n'kufunsana kuti mwanayu akapanda kumva bwanji, osafunsa kuti nanga akamva. Ndinasuzumira m'chipindamo n'kuona Amida ataima ndi hang'ala m'manja, osaseka.

Kuyambira tsiku limenelo Uladi ankagona pabalaza. Kubafa ankapita yekha, n'kutuluka thovu lili m'makutu, msana wouma. Mapilitsi Amida ankangoika patebulo, iye n'kumwa. Mphepo zing'onozing'ono zikamugwira ankathamangira kuseri kwa nyumba n'kumadziluma dzanja, amake ataima chapatali akumuitana mayina onse aulemu. Akasendera, iye ankasunthira kutali. Ndipo tulo tija tinatheratu. Kale Amida ankawodzera poti ankamva kupuma kwa mwana pambali pake. Tsopano pakati pawo panali khoma, ndiye ankangokhala tcheru mpaka kucha. Nkhope yosalala ija inabwerera mwakale, n'kupitirira.

"Ndinkafuna chipinda chandekha," anandiuza tsiku lina pamsika, akuthamangitsa ntchentche pa kambuzi. "Ndapatsidwa."

"Siya kudzitafuna, iwe. Unadziwa kuti zidzatere?"

"Atanditumizira uthenga kuti akundiitana, ndinadziwa kuti akundiitana."

Pamsonkhano wotsatira anaifotokoza nkhaniyo, ndipo amayi anaikhalira pansi monga timachitira. Wina anati amukakamize, azolowera. Wina anati Amida asamutse bedi lake aliike pabalaza, koma Amida anati vuto si bedi, ndi manja ake. Mayi Ndaona anati njira ndi imodzi yokha: amene anamupatsa malamulowo amuuze kuti iye sakumukhudza, ndi a anyamata enawo. A Jeffrey anamvetsera onse, kenako anati kukakamiza ayi, kungawonjezere mantha. Anati poti mwanayo akulola kugwiridwa ndi mwamuna, pafunika mwamuna wa m'banjamo aphunzire kumugwira, ndipo mwezi wamawa abwere naye pagulu. Anawonjezera kuti mwana asamakhale ndi munthu mmodzi yekha womudziwa, ndipo ponena zimenezo anatiyang'ana tonse. Ife tinangoyang'anana, poti uthengawo eni ake sanalipo.

Amida anakawauza a Jaffalie. Yankho lawo ndinalimva ndi makutu anga, atabwera kudzasoketsa thalauza.

"Ine ndikakhale pakati pa azimayi kumakamba za matewera? Anzanga pasiteji akamva adzati chiyani? Ntchito yanga ndinaimalizira kundagala."

Ndinawasokera thalauzalo, koma ndinawauza mawu angapo amene sindingawabwereze pano.

Zinaphulika mu Okutobala, masana ena otentha moti ngakhale mbuzi zinali phee pamthunzi. Tiya ndinamusiya ndi mng'ono wanga, n'kupita kwa Amida kukamusiyira diresi. Tinali m'chipinda mwake akuyesa diresilo, Uladi ali pakhonde akuseweretsa zitsekerero za mabotolo. Pamsewu lole ina inaphulitsa tayala. Phuu! Ngakhale ine ndinadumpha. Tinangomva mapazi, didididi, Uladi akuthamangira kumene wakhala akuthamangira moyo wake wonse. Anafika pakhomo la chipinda n'kuima ngati wagunda galasi.

"Amayi! Amayi!"

"Ndili pano, baba. Bwerani."

"Ayi! Ndine wamkulu! Amayi!"

Anayamba ndi zibakera, kenako anagwira felemu ya chitseko ndi manja awiri n'kuyamba kukhomapo chipumi. Gu! Gu! Amida anatuluka, diresi lili losamanga kumbuyo. Uladi anabwerera chafutambuyo mpaka kukhoma la pabalaza, akuitanabe amake, akuwakanabe. Ine zaka zonsezi ndaona zambiri pagulu lathu, koma mwana woitana mayi wake uku akumuthawa ndinali ndisanamuone. Amida anatseka maso n'kumukumbatira mwamphamvu. Uladi anamukankha, Amida n'kukagwera pampando. Chibadwire anali asanawakankhepo amake. Ataona kuti agwa anakuwa mokweza, n'kutembenukira kukhoma. Pamene panali nkhanambo paja panatseguka, magazi n'kuyamba kutsikira m'maso.

Ndinaimbira a Jaffalie foni. Sindikumbuka zimene ndinanena, koma akuti anatsitsa pasenjala panjira. Analowa osavula ndi chipewa cha njinga chomwe, n'kumugwira Uladi chakumbuyo, manja onse pamodzi, mmene ankachitira kundagala. Zinangoipiraipira. Mnyamatayo ndi wamphamvu, anagwa nawo pansi amjomba akewo, mutu akuumenyetsabe pasimenti.

"Basi, zakwana!" anakuwa a Jaffalie, akuvula chipewa chija. "Ndimuuza. Ndine lombwe wake, andimvera ine."

Anagwada patsogolo pake n'kumugwira m'mapewa.

"Uladi! Uladi, tandiyang'ana. Malamulo aja ndi a anzako aja, wamva? Iweyo si ngati iwo. Iwe ndiwe..."

Uladi anasiya. Zibakera zinaima m'malere. Anawayang'ana amjomba ake, magazi ali chuchuchu, akupuma mwabefu.

"Che Uladi," anawakonza mnyamatayo.



"Achimwene," anatero Amida, akudzuka pamene anagwera paja, "khalani chete."

"Ndiye adziphe tikuona?"

"Ndati khalani chete. Ndinamutumiza ndine, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa ndine. Koma iye anapita ndi mtima wonse. Anandiitana, sindinabwere, anapirira mpaka anamaliza. Chinthu chimodzi chokhachi ndi chimene ali nacho chofanana ndi anzake. Ndiye lero timuuze kuti zinali zongomunamiza, chifukwa choti ine manja andiyabwa? Ndamulakwira kamodzi, zakwana."

Uladi anali atayambiranso kubuula, zibakera zikubwerera kumutu.

"Khalani pansi, mutsamire khoma," anatero Amida. "Tambasulani miyendo."

Anamvera. Mwamuna wamkulu, mwini mbumba, anakhala pasimenti n'kutambasula miyendo monga anauzidwira.

"Che Uladi, pitani kwa amjomba. Amjomba ndi mwamuna. Miyendo ya amjomba, inde."

Anabwereza kangapo. Uladi anayang'ana amake, anayang'ana amjomba ake, kenako anakwawa n'kukagwetsa mutu pamiyendo pawo, thupi lonse likunjenjemera. Amida anabwerera n'kukakhala pakhomo la chipinda chake, pamene mwanayo akanatha kumuona.

"Musamugwire manja, asiyeni. Dzanja lanu lamanzere liike pansi pa chibwano. Eya. Chala chachikulu cha dzanja linalo chipite kuseri kwa khutu, pali kafupa pamenepo. Pansi pake. Muzisisita mozungulira."

"Chonchi?"

"Pang'onopang'ono, achimwene, simukupukuta njinga. Musamuyankhule. Muzingopuma mwakuya, azimva mimba yanu ikukwera ndi kutsika."

Zinatenga nthawi. Kawiri konse Uladi anadzuka n'kudzikhomanso, a Jaffalie n'kuyang'ana mlongo wawo ndi maso opempha, iye n'kungoti, "Yambiraninso." Thukuta linkawatsika mpaka kudontha pa malaya a mwanayo. Ine ndinali nditaima pakona ndi foni m'manja ngati chitsiru. Nditayang'ana kwa Amida ndinaona chala chake chachikulu chikuzungulira pa bondo lake lomwe, pang'onopang'ono, iye osadziwa. Apo ndiye ndinalira, ine Maud amene sindilira pamaliro a anthu wamba.

Kubuula kuja kunayamba kuchepa. Zibakera zinamasuka. Mapeto ake Uladi anagona, kukamwa kuli pa bondo la amjomba ake, magazi atayamba kuuma kumaso. A Jaffalie sanayerekeze kusuntha ngakhale mwendo unali utachita dzanzi. Anafunsa monong'ona kuti msonkhano uja umakhala tsiku lanji, ndipo ndinawauza popanda kuwonjezera mawu ena, ngakhale anali pakamwa penipeni.

Amida anapita kukatunga madzi m'kapu, ananyowetsa kansalu koyera, n'kubwera mpaka pamene panagona mwana wake. Anagwada. Dzanja la kansaluko linafika pafupi ndi chipumi, n'kuima.

"Mpukute," ananong'ona a Jaffalie. "Wagona. Sadziwa."

Amida anakhala choncho nthawi yaitali, madzi akudontha pasimenti, akuyang'ana nkhope ya mwanayo. Kenako anatenga dzanja la achimwene ake n'kuikamo kansaluko.

"Muyambire m'mbali," anatero. "Pakatipo pamamupweteka."